Masukulu a ku Kasungu Monga Awakumbukira Amene Anaphunziramo

Sukulu ya m'mudzi kawirikawiri siisunga mbiri yake m'mabuku. Kaundula wa maina amadyedwa ndi ciswe, denga la udzu limagwa, mphunzitsi amasamutsidwa, ndipo pakapita zaka 20 sipapezeka pepala lonena zimene zinacitika pamalopo. Koma mbiriyo siitayika yonse ai, pakuti imatsala mwa anthu amene anakhalamo ali ana. Iwo amakumbukira mphunzitsi amene anawagwira dzanja polemba lemba loyamba, amakumbukiranso tsiku limene anacititsidwa manyazi pamaso pa anzao; ndipo akakula, cimene amacitira sukulu yao cimacokera m'zokumbukira zomwezo.

Pa cidikha ca Kasungu, dziko la cimanga ndi fodya, pali citsanzo cosowa. M'dera limodzi la kum'mawa kwa phiri la Kasungu munakulira anyamata awiri, osiyana ndi zaka pafupifupi 90, amene nkhani za kuphunzira kwao zinamveka kutali kunja kwa dziko lino: Hastings Kamuzu Banda ndi William Kamkwamba. Onse awiri anacoka pa sukulu asanafune, onse awiri anabwerera kwao ali ndi mphamvu ya kucita kanthu, koma zimene anacita zinali zosiyana. Nkhani yao njoyenera kuidziwa munthu ali yense amene alikukonzeka kukaima patsogolo pa ana.

Masukulu Oyamba

Kale dziko la Kasungu linali m'manja mwa Mwase, mmodzi wa mafumu aakulu a Acewa. Kumapeto kwa caka ca 1895 asilikali a Boma la Angerezi anathira nkhondo mudzi wa Mwase pa tsinde la phiri, naugonjetsa. Patangopita zaka zocepa, mu 1900, a Misyoni ya Livingstonia, ocokera ku Scotland, anakhazikitsa malo ao ku Kasungu motsogozedwa ndi Dr. George Prentice, ndipo sukulu ya pa Chilanga inakhala mai wa masukulu ang'onoang'ono a m'midzi yozungulira.

Masiku amenewo Boma linalibe masukulu akeake. Dipatimenti ya maphunziro inadzayamba mu 1926. Nchito yonse inali ya misyoni. Sukulu ya m'mudzi inali kanyumba ka mitengo ndi dothi, kapena mthunzi wa mtengo cabe, ndipo mphunzitsi wake kawirikawiri anali mnyamata wopambana anzake pang'ono pokha. Ana ankalemba ndi cala pa dothi asanaone sileti. Maphunziro ao anali kuwerenga, kulemba, masamu ndi Mau a Mulungu. Wocita bwino ankapita ku sukulu ya pa misyoni, kumene ankayamba Cingerezi. Ndipo wopambana koposa ankayembekeza kupita ku Khondowe, ku sukulu yaikulu ya Overtoun imene Dr. Robert Laws anaiyamba mu 1894. Kwa mwana wa ku Kasungu wokonda buku, panalibe malo ena okhumbika koposa amenewo.

Mnyamata wa pa Kacere

Kamuzu anayamba kuphunzira pansi pa mtengo wa kacere pa Mtunthama. Atacoka apo anaphunzira pa Chayamba, ndipo pambuyo pake pa Chilanga, pamene anabatizidwa natenga dzina la Hastings, la mmisyoni John Hastings amene iye ankamlemekeza. Mwa anthu amene anamkokera ku maphunziro munali a Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi wophunzira ku Khondowe, amene mnyamatayo ankawayesa atsibweni ake.

Ca m'caka ca 1915 linafika tsiku limene Kamuzu sanaliiwale moyo wake wonse. Anakhala pa mayeso amene akadamtsegulira njira ya ku Khondowe kukaphunzira uphunzitsi. Iye anali wamfupi msinkhu, ndipo malo ake anali kumbuyo. Polephera kuona bwino zolembedwa pa bolodi, anaimirira kuti apenye pamwamba pa phewa la mnzake wa patsogolo. Woyang'anira mayeso, mmisyoni Thomas Cullen Young, anayesa kuti mnyamatayo alikuonera za mnzake, namtulutsa m'cipindamo. Mlandu unathera pomwepo, ndipo njira ya ku Khondowe inatsekeka.

Pasanapite nthawi yaitali mnyamatayo anacoka kwao wapansi, naoloka Zambezi, nakafika ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, mzinda umene lero dzina lake ndi Chegutu, kumene anagwira nchito m'cipatala. Mu 1917 anapitirira ku South Africa pamodzi ndi a Hanock, nalowa nchito ya ku migodi. Mu 1925 anaoloka nyanja kunka ku America ndi thandizo la mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo mu 1937 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College. Ku Nyasaland anabwerera pa 6 July 1958, patapita zaka zoposa 40.

Nkhani ya tsiku la mayeso iri ndi mathero odabwitsa. Dr. Banda atapita ku Edinburgh kukaonjezera maphunziro, anakumana ndi Cullen Young yemwe uja, ndipo anakhala mabwenzi. Mu 1946 awiriwo anatulutsa buku lochedwa Our African Way of Life, m'mene anamasulira m'Cingerezi nkhani za miyambo zimene analemba m'Cinyanja a John Kambalame, a E. P. Chidzalo ndi a J. W. M. Chadangalara. Munthu angathe kunena kuti cilonda cinapola. Koma mphunzitsi asadzitonthoze ndi mathero otere, ngati kuti kulakwira mwana kumabala zabwino. Ana ena ocotsedwa pa sukulu motero sanafike ku Edinburgh. Anabwerera ku khasu, ndipo maina ao palibe awadziwa.

Zokumbukira Ziyesedwe

Dr. Banda ankakonda kusimba za ubwana wao, ndipo zambiri za masiku a kacere anthu anazimva kwa iwo eni. Apa pali phunziro la kalembedwe ka mbiri. Pa nthawi ya ulamuliro wao Boma linkalengeza kuti iwo anabadwa pa 14 May 1906. Koma wowerengera bwino aona kuti zikadakhala tero, akadakhala pa mayeso a uphunzitsi ali ndi zaka 9, nayenda ulendo wa ku Rhodesia wapansi ali mwana wosayenera ngakhale kugwira khasu lalikulu. Cifukwa cake olemba mbiri ambiri amaika kubadwa kwao ca m'ma 1898. M'midzi ya masiku aja munalibe kaundula wa obadwa. Anthu ankawerenga zaka ndi njala, nkhondo, dzombe ndi kadamsana. Nzoona kuti mau a akulu akoma akagonera. Komabe wolemba mbiri ayenera kuika mau a munthu mmodzi pambali pa mau a wina, ndi pambali pa zaka zodziwika, kuti aone ngati zilumikizana. Kutero si kupeputsa wosimbayo ai, koma kulemekeza coonadi cimene iye alikufuna kucinena.

Mkangano wa Cinenero

Ca m'ma 1923 a Livingstonia anapereka dera la Kasungu kwa a Misyoni ya Dutch Reformed a ku Nkhoma, amene ankagwira kale nchito pakati pa Acewa a kumwera kwake. Kusinthaku kunadandaulitsa anthu ambiri a kwa Mwase. A ku Nkhoma ankaika mtima pa masukulu a m'midzi, pa cinenero ca eni dziko, pa ulimi ndi nchito za manja, ndipo Cingerezi sankacifulumirira. Pamene makolo ozolowera za Livingstonia ankadziwa kuti Cingerezi ndico khomo la ukalaliki ndi malipiro abwino. Mu 1924 a Hanock Msokera Phiri anabwera kucokera ku South Africa ali mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, natsegula masukulu a mpingowo m'dziko la Kasungu. Iwonso anali wophunzira wakale wobwerera kwao ndi sukulu m'manja, wofuna kuti ana a kwao apate cimene iwo anacipata ku Khondowe.

Komatu njira ya ku Nkhoma inabala zipatso zakezake. Buku Lopatulika lonse m'Cinyanja linatuluka mu 1922, pa nchito imene anaitsogolera Mbusa William Murray. Mphunzitsi wa ku Nkhoma, a Samuel Josiah Ntara, analemba Mbiri ya Acewa, ndiponso Nthondo, buku limene linapata mphotho pa mpikisano wa olemba a mu Africa, nilisindikizidwa mu 1933; wolimasulira m'Cingerezi anali Cullen Young yemweyo. Nayenso Kamuzu, ali ku Chicago, anakhala ndi katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins namfotokozera Cicewa ca ku Kasungu, ndipo pa mau akewo panacokera buku la galamala ya Cicewa la mu 1937. Mu 1968, Dr. Banda ali mtsogoleri wa dziko, Cicewa cinalengezedwa cinenero ca pfuko lonse pambali pa Cingerezi, ndipo zinenero zina monga Citumbuka zinacotsedwa m'masukulu ndi pa wailesi. Motero funso lakuti mwana aphunzire m'cinenero citi silinali lacilendo pa cidikha ca Kasungu, ndipo linadzaonekanso poyera pa Mtunthama.

Sukulu Yaikulu ya pa Mtunthama

Mu 1981 Dr. Banda anatsegula Kamuzu Academy pafupi ndi kacere uja, amene anasungidwa kuti akhale cikumbutso. Pakati pa minda panaima nyumba zazikulu za njerwa, nsanja ya wochi, dziwe lokumba ndi nyumba ya mabuku yosowa inzake m'dziko. Ana ankasankhidwa ocepa m'boma liri lonse mwa opambana mayeso, mwana wa mlimi pamodzi ndi mwana wa kalaliki, ndipo sankalipira. Cilatini ndi Cigiriki zinali zokakamiza. Aphunzitsi ankacokera kunja, makamaka ku Britain, pakuti mwini sukulu sanafune kuti Amalawi aphunzitsemo. Ndipo mwana womveka alikulankhula Cicewa ankalangidwa. Alendo anaicha sukuluyo Eton ya mu Africa.

Wolingalira bwino aona kuti sukuluyi inali yankho la mnyamata wa 1915. Khomo limene linamtsekekera pa Chilanga analitsegula pa Mtunthama, kuti mwana wanzeru wa m'mudzi asadzayendenso wapansi kukafuna maphunziro ku dziko la eni. Ambiri amene anaphunziramo akhala madokotala, maloya, mainjiniya ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Mmodzi wa iwo, Samson Kambalu, anasimba za zaka zake za pa sukuluyo m'buku la The Jive Talker la mu 2008, ndipo mu 2022 ciboliboli cake ca John Chilembwe cinaimikidwa pa Trafalgar Square mu London.

Koma mafunso awiri anatsala. Loyamba ndi lakuti ndalama zoculuka zinathera pa ana mazana ocepa, pamene ana zikwizikwi a m'midzi yozungulira ankakhalabe pa dothi. Laciwiri ndi lakuti munthu amene anakweza Cicewa pa dziko lonse anacitsekera kunja kwa sukulu yake, pa nthaka yomwe iye anaciyamwira. Ulamuliro utasintha mu 1994, ndipo Dr. Banda atamwalira mu 1997, thandizo lakale linatha, ndipo sukuluyo inasanduka yolipira.

Fodya, Njala ndi Kalaibulale

Kunja kwa mpanda wa Academy moyo unkayenda ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 cidikha ca Kasungu cinadzala ndi minda yaikulu ya fodya, imene yambiri inkalimidwa ndi matenanti ocokera kutali pamodzi ndi mabanja ao. Kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya kumafuna manja ambiri, ndipo aphunzitsi a m'madera otere amadziwa kuti m'miyezi imeneyo kalasi imaonda. Kuyambira ca m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, ndipo fizi za ana ambiri zinakhala zodalira mtengo wa ku okushoni. Mu 1994 Boma latsopano linacotsa fizi m'masukulu a pulaimale. Ana a m'dziko lonse anaculuka kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, zipinda ndi aphunzitsi zinacepa, ndipo kuphunzira pansi pa mtengo kunabwerera monga masiku a kacere.

William Kamkwamba anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, si kutali ndi Mtunthama. Atate ake ankalima cimanga ndi fodya. Atatsiriza pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya Kachokolo. Koma inali nthawi ya njala yoopsa ya 2001 ndi 2002, imene inakantha Kasungu kolimba. Banjalo linafika pa kudya kamodzi pa tsiku, ndipo fizi, pafupifupi madola 80 a ku America pa caka, sizinapezeke. Mnyamatayo anacoka pa sukulu ali ndi zaka 14.

Pa sukulu yake yakale ya Wimbe panali kalaibulale ka mashelefu atatu, ka mabuku operekedwa ndi anthu a ku America. Iye sanalinso mwana wa sukulu imeneyo, koma mai woyang'anira mabukuwo sanamthamangitse. Cingerezi cake cinali cocepa. Motero ankayamba ndi zithunzi, nalondola lemba la pa cithunzi kufikira atalipeza m'ndime, ndipo mau obvuta ankafunsa kwa mai uja. Pa cikuto ca buku lochedwa Using Energy anaona makina opukusidwa ndi mphepo. Ku dzala la zitsulo zakale za munda wa fodya, pafupi ndi Kachokolo, anatola fani ya thirakitala ndi zitsulo zina. Anaongola mapaipi a pulasitiki pa moto, nawasandutsa mapiko. Anatenga njinga yakutha ya atate ake ndi dainamo, namanga nsanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wayamba misala, kufikira tsiku limene mphepo inaomba ndipo babu linayaka m'dzanja lake.

Mu 2006 akuluakulu a za maphunziro odzayendera laibulaleyo anaona makinawo, nauza atolankhani. Mu 2007 William anakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha m'dziko la Tanzania. Pambuyo pake anaphunzira pa African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anatsiriza pa Dartmouth College ku America. Zokumbukira zake anazilemba pamodzi ndi Bryan Mealer m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind la mu 2009, limene mu 2019 linasandulizidwa kanema. Ndipo iye atapata abwenzi ndi thandizo, bungwe la Moving Windmills Project, limene linayamba cifukwa ca nchito yake, linathandiza kumanganso zipinda za sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene mwana ali yense wa m'midzi imeneyo amalowa popanda kusankhidwa.

Cimene Mphunzitsi Angatolepo

Poika nkhani ziwirizi pamodzi paoneka zinthu ziwiri. Coyamba, m'nkhani iri yonse muli munthu wamkulu mmodzi amene anacita kanthu kakang'ono osadziwa kulemera kwake. Cullen Young sanali munthu woipa. Anali wophunzira kwambiri, wokonda zinenero ndi miyambo ya anthu a dziko lino. Koma anaweruza asanafunse, ndipo kuweruza kwa kamphindiko kunasintha njira ya mwana. Mai wa pa Wimbe analibe nsanja ya wochi kapena Cilatini. Anali ndi mashelefu atatu ndi mtima wopirira mafunso a mnyamata wopanda fizi. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo m'mera wa munthu uli m'manja mwa mphunzitsi wa pulaimale.

Caciwiri, wophunzira wakale akabwerera amamanga molingana ndi cimene cinamuwawa. Amene anamanidwa sukulu yapamwamba anamanga sukulu yapamwamba ya ana osankhika. Amene anacotsedwa ndi umphawi anamanganso sukulu ya onse. Cifukwa cake zokumbukira za ophunzira akale si nkhani zongocezera pa bwalo ai. Ndizo mbeu za masukulu a m'tsogolo.

Tsono wophunzira uphunzitsi akatumizidwa ku sukulu yake yoyamba, acita bwino kufunafuna akuluakulu amene anaphunzirapo kale. Awafikire mwaulemu, kupyolera mwa mfumu ndi komiti ya sukulu, nawafunse m'cinenero cao, nalembe mau ao monga momwe awalankhulira, osawakonza kuti afanane ndi a m'buku. Afunse amene anapereka malo, mtengo umene ana oyamba ankakhala pansi pake, maina a aphunzitsi oyamba, nyimbo zimene ankaphunzirira kuwerenga, ndi zilango za masiku aja. Zaka azipeze pomangiriza nkhani ku zinthu zodziwika: njala ya 1949, Citaganya ca 1953 mpaka 1963, ufulu wa 1964, kucotsedwa kwa fizi mu 1994, njala ya 2002. Asafunse ocita bwino okha. Afunsenso amai amene anasiya sukulu ali atsikana, ndi ana a matenanti amene anaphunzirapo dzinja limodzi nasamuka, pakuti iwo ndiwo adziwa pamene sukulu inalephera. Zolembazo zisungidwe pawiri, kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa komiti, kuti ciswe cikadya buku limodzi lina litsale. Ndipo ziwerengedwe kwa ana pa phunziro la Cicewa, kuti adziwe kuti mbiri siiri ya mafumu ndi maiko akutali okha.

Koposa zonse, mphunzitsiyo akumbukire kuti nayenso alikulowa m'mbiri yomweyo. Mwana wamfupi amene adzaimirira kumbuyo kwa kalasi, ndi mwana wopanda fizi amene adzaima pa khomo la laibulale, sadzaiwala cimene anawacitira. Ndipo patapita zaka zambiri, kaundula atadyedwa ndi ciswe, ndiwo adzasimba za sukuluyo.